Laputopu Yoyaka Ikafuna

Tsiku limene laputopu yanga inandicititsa manyazi linali Loweruka, mwezi wa Okutobala 2023, ku Moatize. Wodziwa Moatize m'mwezi umenewu akudziwa kuti dzuwa la kumeneko silicita nthabwala: pofika 9 koloko m'mawa malaya amakhala atamatirira kale kumsana. Tinasonkhana pakhonde la mkulu wina wa bungwe lathu, anthu ngati 15, ena atacokera ku Cateme ndi chapa ya m'bandakuca. Anabwera kudzamva mawu a agogo anga aakazi, amene ndinawajambula asanamwalire. Ndinayala nsalu patebulo, n'kutsegula laputopu, n'kudina batani. Zii.

Ndinadinanso. Kanyali ka m'mbali kanayaka, kafani ka mkati kanapuma kamodzi ngati munthu wousa moyo, koma galasi linangokhala bii. Ndinayesa kasanu, kakhumi. Ndinazula chaja, ndinabwezera, ndinasintha soketi. Mayi wina wacikulire, amene anali mnzawo wa agogo kuyambira pa utsikana, anandiyang'ana n'kunena mofatsa: "Mwanangu, usadzivute. Mwina lero sakufuna kulankhula." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma m'mimba munali mutatentha. Tinamwa thobwa, tinakambirana zina, n'kubalalika. Madzulo nditafika kunyumba ku Zóbuè, ndinadina batani lomwelo kamodzi kokha. Inayaka ngati sinalakwepo kanthu.

Kuti mumvetse cifukwa cake sindinagone usiku umenewo, ndiyenera kukuuzani zimene zinali mkatimo.

Ine ndinabadwira ku Malabwe. Bambo anali Mnyungwe wa komweko, mayi ndi Mcewa wa ku Zóbuè, motero ndinakula ndi zilankhulo ziwiri m'kamwa, Cipwitikizi n'kudzacipeza kusukulu. M'zaka za 2009 ndi 2010 mudzi wathu, pamodzi ndi Chipanga, Bagamoyo ndi Mithete, unasamutsidwa kuti mgodi wa malasha upeze malo. Mabanja oposa 1,300 anacoka. Oposa 700 mwa iwo, ife tili momwemo, anapita ku Cateme, makilomita ngati 40 kucokera m'tauni ya Moatize. Nkhani ya kusamukako ena anailemba kale, ndipo si imene ndikufuna kunena pano. Canga n'cakuti mudzi ukacoka pamatsala mayina opanda malo: dzina la dimba, dzina la dooko pamene amayi ankacapira, dzina la mlambe umene akulu ankaweruzira milandu pansi pake. Mayina amenewa simungawapeze pa mapu. Anali m'mutu mwa agogo ndi anzawo ocepa.

Nditayamba nchito ya uphunzitsi kufupi ndi Zóbuè, ndinkapita ku Cateme pa chuthi ciliconse. M'zaka za 2018 ndi 2019 ndinkakhala ndi agogo kuseri kwa nyumba dzuwa likapendeka, foni ili pa mpando, iwo akusenda nandolo kapena akungopuma. Ankayamba mu Cinyungwe, akafika pa nkhani ya mayi anga n'kutembenukira mu Cinyanja kuti andiseke bwino. Ankayenda mudzi wonse ndi pakamwa, kuyambira kumtsinje mpaka kumanda, nyumba ndi nyumba. Ndinajambula maulendo 23. Foni yanga inali ndi malo ocepa, conco ndikabwerera ku Zóbuè ndinkasamutsira mawuwo mu laputopu imene ndinagula kwa munthu mumzinda wa Tete mu 2017, kenako n'kufufuta mufoni kuti ndipeze malo ojambulira ena. Agogo anamwalira mu 2021. Kuyambira pamenepo, pa dziko lonse lapansi, Malabwe wa agogo anali pamalo amodzi okha: m'kabokosi kakuda kamene kanayamba kusankha masiku oyaka.

Ndisakunamizeni, vutoli silinayambe tsiku la ku Moatize. Linayamba miyezi yambiri m'mbuyo mwake. Poyamba inkakana kamodzi pamwezi, kenako kamodzi pa sabata. Ikakana ndinkaisiya, n'kudzayesanso masana. Nthawi zina ndinkaimenya kakhofi pansi pake, monga tinkacitira ndi wailesi ya malemu bambo, ndipo kambiri inkayakadi. Ndinkadzitama kuti ndaidziwa mtima wake.

Ndaona kuti cinthu cofa kotheratu n'cabwinoko, cifukwa cimakuuza zoona. Umadandaula, n'kuyamba kufuna njira. Koma cinthu coyaka lero n'kukana mawa cimakunyengerera. Tsiku lililonse ikayaka ndinkati, "Mwezi ukatha ndigula fulashi yaikulu, ndikopere zonse." Mwezi ukatha ndalama inkapita ku ufa, ku Credelec, ku nsapato za mwana, ndipo laputopu inkayaka m'mawa mwake ngati ikundiuza kuti palibe cothamangira. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambiwu ndinkauphunzitsa ana m'kalasi, ine mwini ndikuucita kunyumba.

Pambuyo pa manyazi a ku Moatize ndinayamba kufunsa, ndipo aliyense anali ndi yankho lake. Mphunzitsi mnzanga anati ndi vayirasi, wabwera ndi mafulashi a ana asukulu. Mnansi wina anati ndi magetsi. Azakhali anga, alongo awo a bambo, sananene za makina n'komwe. Anati, "Munthu wakufa samutsekera m'bokosi kawiri. Amayi atopa mmenemo." Sindinawayankhe, pakuti mwa onse aja iwo okha ndi amene anakhudza cimene cinkandisowetsa tulo.

Lolemba lotsatira ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi malire. Tsiku limenelo inayaka bwinobwino m'manja mwake, monga mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika pakhomo la cipatala. Mnyamatayo anadina apa ndi apo, n'kunena, "Aphunzitsi, iyi ingofunika kuifomata basi. Mudzaitenge mawa." Ndinavomera. Ndinali nditatuluka kale pakhomo pamene cinacake cinandibweza.

"Acimwene, nanga zimene zili mkatimo?"

"Zimenezo zimapita, aphunzitsi. Imakhala ngati yatsopano."

Ananena mosabisa, ndipo sindimuimba mlandu. Sindinamuuze kuti muli ciani. Ndinatenga laputopu yanga manja akunjenjemera. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudya lonse.

Amene anandipatsa nzeru ndi mlongo wanga, amene ndi namwino ndipo za makompyuta sazidziwa. Nditamudandaulira pafoni anati, "Acimwene, ife wodwala akabwera sitimufunsa ngati akudwala. Timafunsa kuti zinayamba liti, thupi limatentha nthawi yanji, anadya ciani, anapita kuti. Inu mukungoti ikukana. Ikukana bwanji?" Funso limeneli linandigwetsa mphwayi, cifukwa sindinathe kuliyankha. Kwa miyezi yonseyi ndinkangoona kukana, osaona kakanidwe.

Ndinatenga kope la ana la mizere, n'kujambula madanga: tsiku, nthawi, malo, kunja kuli bwanji, ili pa chaja kapena pa batire, nyali ziti zayaka, kafani kamveka kapena ayi, pagalasi paoneka ciani, dzulo lake ndinayenda nayo kapena ayi. Ndinadziikira lamulo limodzi: osasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kale ndinkazula chaja, kucotsa batire, kuimenya ndi kupemphera, zonse pakamodzi, ndipo ikayaka sindinkadziwa cimene cathandiza. Vuto lobwera n'kupita lili ndi msampha umenewu: limayamikira mankhwala alionse. Ngakhale mukanaiphera nkhuku, tsiku lina ikanayaka ndithu, inu n'kuthokoza nkhuku.

Patatha masabata 6 kope linayamba kulankhula. Ndinapeza kuti laputopu yanga sinkakana mwa njira imodzi ayi, koma mwa njira zitatu.

Kukana koyamba kunali kwa cete weniweni: palibe nyali, palibe kafani, palibe ciliconse. Kunkacitika batire ikakhala itatheratu, ngakhale chaja ili m'soketi. Usiku wina ndinaona kuti ndikapinda waya pafupi ndi mutu umene umalowa mu laputopu, kanyali kosonyeza kuti moto ukulowa kamathima n'kuyakanso. Ndinapita ndi chaja kwa mkulu wina wokonza mawailesi, amene ali ndi kamakina koyezera magetsi. Pa chaja panalembedwa kuti imatulutsa mavoti 19. Waya ali wowongoka, kamakinako kankaonetsa 19. Akangoupinda, kankagwera pa 0. Tiwaya ta mkati tinali titaduka cifukwa ca kukulunga kwanga kothina tsiku ndi tsiku. Ndiye kuti masiku ambiri ndinkagona ndikuganiza kuti batire ikudzaza, pamene sikulandira kanthu. Ndinagula chaja ina ya mavoti ofanana ndi mutu wofanana. Kwa masabata awiri laputopu inayaka tsiku lililonse, ndipo ndinauza aliyense kuti ndaigonjetsa.

Kenako kunabwera m'mawa wina wa nkhungu, uja wa ku Zóbuè umene phiri limabisala mpaka dzuwa litakwera. Ndinadina batani. Nyali inayaka, kafani kanazungulira, galasi bii. Uku kunali kukana kwaciwiri, komwe kuja kwa ku Moatize, ndipo chaja yatsopano inalibe nako nchito. Ndinayamba kuganiza kuti mwina galasi ndi limene lafa. Ndinawalitsa toci ya foni pafupi ndi galasi, pakuti ndinamva kuti ngati yathima ndi nyali ya kuseri kwake yokha, zithunzi zimaoneka mwa cizimezime. Sipanaoneke kanthu. Ndinabwereka waya wa HDMI n'kulumikiza ku TV ya mnansi: nakonso kunali mdima. Ndinadina batani la Caps Lock, limene kanyali kake kamayenera kuyaka ndi kuthima ngati makina ali maso. Sikanayankhe. Ndiye kuti vuto silinali pagalasi. Makinawo ankaima asanayambe n'komwe kuganiza. Nditawerenga m'kope ndinaona kuti kukana kumeneku kunkabwera masiku a mitundu iwiri: m'mawa wozizira wa cinyezi, ndi tsiku lotsatira ulendo wa pa chapa kapena pa njinga yamoto. Tsiku la ku Moatize laputopu inali itagwedezeka m'cikwama ulendo wonse wocokera ku Zóbuè.

Kukana kwacitatu kunali kwaulemu. Galasi linkayaka, n'kulemba mawu a Cingerezi okhudza tsiku ndi nthawi, n'kuima kudikira kuti ndidine batani. Ndikalowa ndinkapeza koloko itabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba a pa intaneti ankakana kutseguka mpaka nditakonza tsikulo. Izi zinkacitika batire yaikulu ikakhala kuti inatheratu.

Apa nzeru zanga zinathera. Kutsegula mimba ya laputopu ndinkaopa, cifukwa mkatimo munali agogo. Sukulu itatsekera mu Disembala ndinaikulunga m'citenje, n'kuipakata pamiyendo ulendo wonse wa makilomita oposa 100 wopita mumzinda wa Tete. Tinadutsa Moatize, n'kuwoloka Revúboè, kenako Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Mnzanga wina anandilozera kwa mesitiri wina wa kuseri kwa msika, m'kacipinda kodzaza mitembo ya makompyuta mpaka kudenga.

Anali bambo wa imvi zocepa ndi magalasi okhuthala. Sanakhudze laputopu poyamba. Anatenga kope langa n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, cala cikuyenda pa mizere. Atamaliza anati, "Aphunzitsi, anthu ambiri amangobwera n'kuti yafa. Inu mwabwera ndi mboni." Kenako anafunsa funso limene palibe anandifunsapo: "Muli ciani mkatimu cimene kulibe kwina?"

Ndinawauza.

"Ndiye sitiyamba ndi kukonza. Nyumba ikamapsa, umayamba watulutsa ana."

Anandituma kukagula fulashi pasitolo yoyandikana. Pobwera ndinapeza atacotsa batire, atamasula kacitseko ka pansi, n'kutulutsa disiko, kacitsulo kokula ngati cikhatho ca mwana. Anandionetsa n'kunena kuti zonse zimene ndinasunga zili mmenemo, osati m'makina ena onsewo, ndipo ngakhale laputopu itafa lero, disiko ikhoza kuwerengedwa kwina. Mawu amenewa akanandipeza caka catha, ndikanagona tulo tambiri. Anailowetsa m'kabokosi ka waya wa USB, n'kulumikiza ku kompyuta yawo. Mayina a mafayilo anaoneka pagalasi, onse 23. Tinayamba kukopera. Kamzere kobiriwira kanayenda bwino mpaka pa fayilo ya nambala 17, pamene kanaima. Disiko inayamba kulira mwa kugogoda, tiki, tiki, tiki.

A mesitiri anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inagwapo?"

"Ayi."

"Munaimenyapo?"

Ndinakhala cete, ndipo cete ameneyo anawayankha.

Anandifotokozera mosakalipa. Mu disiko ya mtundu wakale ngati yanga muli kambale kamene kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga, pafupi kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ukagwedeza makina kambaleko kakuzungulira, kamutu kakhoza kukhudza n'kukanda, ndipo pamene pakandika sipawerengekanso. Ine ndinkaimenya nthawi yomwe nyali yayaka, kafani kakuzungulira, disiko nayo ikuzungulira. Khofi lililonse limene ndinkadzitama nalo linkagwera pa mawu a agogo.

Anadumpha fayiloyo, n'kukopera zotsala zonse, kenako n'kubwerera kwa iyo ndi pulogalamu ina yowerenga pang'onopang'ono. Pa mphindi pafupifupi 50 zimene ndinajambula tsiku limenelo, tinapulumutsa 12 zoyambirira. Kuti atsimikize kuti zokopera zili bwino, anatsegula fayilo imodzi. Mawu a agogo anadzaza kacipindako, akuseka, akuchula dzina la dooko mu Cinyungwe. A mesitiri anasiya zimene ankacita. Anamvetsera mpaka agogo atamaliza ciganizo, n'kunena motsitsa mawu kuti amayi awo ankalankhula Cinyungwe ca mtundu womwewo, cimene ana a m'tauni sacidziwanso. Pambuyo pake m'pamene anatembenukira ku laputopu.

Atatsegula mimba yonse, ndinacita manyazi kaciwiri. Pakamwa pa kafani panali fumbi lakuda lolukana ngati bulangete. Wokhala ku Moatize amalidziwa fumbi limeneli: umasesa m'mawa, masana n'kulembapo dzina lako patebulo. Laputopu yanga inalimeza pa maulendo onse a chuthi kwa zaka 6. Anandionetsa timatabwa tiwiri tobiriwira totalika ngati cala, n'kuti imeneyi ndi RAM, pamene makina amayalapo nchito imene akugwira nthawi yomweyo. Kalikonse kamalowa m'kamng'alu kake, n'kugwiridwa ndi tizitsulo tiwiri m'mbali. Pa kamodzi, kacitsulo kamodzi kanali katatakasuka, ndipo mano ake agolide anali atada.

Apa m'pamene ndinamvetsa zonse zimene kope linkandiuza. Ukadina batani, Windows siyamba yabwera. Pamayamba kapulogalamu kakang'ono kokhala pa bolodi lenilenilo, kochedwa BIOS, kamene kamaitana ziwalo monga mphunzitsi aitana mayina m'kalasi. RAM ikapanda kuyankha, kalasi siyamba: nyali imayaka, kafani kamazungulira, koma galasi limakhala lakuda. Kathabwa kanga kanali kokhala mwa theka. Msewu ukakagwedeza, kankasuntha pang'ono. Kukazizira, citsulo cinkakhwinyata, ndipo fumbi likayamwa cinyezi ca nkhungu linkatsekereza mano. Kukafunda, kapena ndikamenya khofi, kankakhudzanso. Ndiye kuti khofi lija linkathandizadi mbali imodzi, likuwononga mbali ina. Ndipo popeza zonsezi zinkacitika Windows isanadzuke, kufomata sikukanakonza kanthu. Kukanangofufuta agogo, vuto n'kutsala pomwepo.

A mesitiri anapukuta mano a timatabwato ndi labala wofufutira pensulo, n'kusesa timing'alu ndi kabulashi kofewa, n'kuwongola kacitsulo kaja. Sanathamangire kutseka. Anaika kathabwa kamodzi kokha, n'kuyatsa ndi kuthimitsa kakhumi. Anakasamutsira m'kamng'alu kena, kakhumi. Anatenga kaciwiri, cimodzimodzi. Kenako tonse tiwiri pamodzi, akugwedeza pang'ono disiko isanabwezeredwe. Anati cinthu cokana mwa apo ndi apo sungati cacira cifukwa cayaka kamodzi. Uyenera kuciyesa pa zomwe zija zinkacikanitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukana kwacitatu kunali kosavuta. Pa bolodi pali kabatire kozungulira ngati ndalama yacitsulo, ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga koloko makina akakhala opanda moto wina uliwonse. Kamayenera kukhala ndi mavoti 3. Kanga sikankafika ngakhale 2. Anaikamo kena. Anandilangiza kuti disiko yakaleyo ndisaikhulupirirenso, ndipo ndikapeza ndalama ndigule ya SSD, imene ilibe kambale kozungulira ndipo siopa mabampu. Ndinagula miyezi itatu pambuyo pake. Kuyambira tsiku limenelo laputopu sinakanenso.

Ndiye kuti matenda anali atatu m'thupi limodzi: waya woduka, kathabwa kotakasuka ndi kabatire kotha. Aliyense amene anandipatsa yankho limodzi ankafuna mfiti imodzi, ndipo n'cifukwa cake palibe analasa. Koma si zimenezi zimene ndinkaganiza m'chapa pobwerera. Ndinkaganiza za fayilo ya nambala 17.

Ndinaimvetsera usiku womwewo. Inali ya mu Julayi 2019, tsiku limene agogo anachula anthu a kumanda akale a ku Malabwe, mmodzi ndi mmodzi, kuyambira kwa amene anayamba kugona pamenepo: uyu anali mwana wa uje, anakwatiwa kwa uje, anafa caka ca njala, anagona pafupi ndi mtengo wakuti. Pa mphindi ya 12 agogo akunena kuti, "Tsopano tibwere kwa a kucimuna," ndipo mawu akuduka pomwepo.

Loweruka lotsatira sindinadikire kutha kwa mwezi. Ndinakwera chapa kupita ku Cateme, kwa mayi wacikulire uja amene anati mwina agogo sakufuna kulankhula. Ndinawamvetsera mphindi 12 zija, n'kuwapempha kuti apitirize pamene mnzawo analekera. Anatseka maso n'kuyamba. Anachula mayina ambiri, ena amene sindinawamvepo. Koma kanayi kapena kasanu anaima, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Ameneyo ankamudziwa ndi agogo ako." Mayina amenewo apita. Sanapite ndi mgodi, sanapite ndi fumbi, sanapite ndi mnyamata wa pamalire. Anapita ndi dzanja langa ndi mawa wanga.

Lero mawu a agogo ali pamalo anayi. Ali mu laputopu. Ali mu fulashi imene imakhala kwa mlongo wanga. Ali pa intaneti, pa Google Drive, pamene munthu amapatsidwa malo a 15 GB osalipira. Ndinatumiza pang'onopang'ono usiku, netiweki ikakhala yopepuka. Ndipo ali pa kamemori kakang'ono ka m'foni ya azakhali. Nditawapatsa ndinawauza kuti amayi awo atuluka m'bokosi. Sanaseke. Anafunsa kuti adine pati, ndipo ana a pakhomopo amati madzulo ena amawamva akuyankhana ndi foniyo, akuwakonza agogo pamene aphonya dzina.

Mu Epulo 2024 tinasonkhananso pakhonde lomwe lija ku Moatize. Ndinapita ndi laputopu, fulashi ndi foni, kuti cina cikakana cina cilankhule. Laputopu inayaka pa kudina koyamba. Anthu anamvetsera maola awiri, ndipo pamene agogo anachula dimba la banja lina, bambo wina amene anali cete tsiku lonse anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba. Tinayamba tsiku lomwelo nchito yolemba mawuwo papepala, mu Cinyungwe ndi mu Cinyanja, ena n'kumawamasulira mu Cipwitikizi kuti adzukulu a m'tauni awerenge. Tafika pa fayilo ya nambala 9.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu owerenga kabukuka muli ndi foni kapena laputopu imene muli mawu a munthu amene salankhulanso, zithunzi za nyumba imene inagwetsedwa, nyimbo za pa ukwati wa makolo. Mwina nayo yayamba kukana mwa apo ndi apo. Ikadzayaka ulendo wotsatira, musayambe ndi kuikonza, ndipo musayambe ndi kukondwera. Yambani mwatulutsa zimene zili mkatimo. Pambuyo pake tengani kope, lembani mmene ikukanira, sinthani cinthu cimodzi pa nthawi, ndipo wokonza akati tifomate, funsani kaye kuti zamkati zipita kuti. Musaimenye.

Mayi wacikulire uja wa ku Cateme ndikupitabe kwa iwo. Masiku ena amakumbukira zonse, mpaka mtundu wa mbuzi imene inaphedwa pa maliro a mu 1970. Masiku ena amandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ana awo amati ndidzabwere tsiku limene ali bwino. Ine ndimapita Loweruka lililonse limene ndapeza ya chapa, foni ili yodzaza moto, ndipo ndikabwerako sindigona ndisanakopere.